PHUNZIRO 9: DZINA LA WOIMBA NDI MALAMULO A DZIKO LATHU

CHOLINGA CHA PHUNZIROLI

Pomaliza phunziroli tiyenera:

(a) kudziwa kusiyana kwa lamulo loteteza nyimbo ndi lamulo loteteza dzina;
(b) kuzindikira maina amene angathe kumpalamulitsa woimba;
(c) kudziwa zoyenera kuchita tisanatulutse nyimbo m'dzina limene tasankha.

1. MAU OYAMBA

Abale ndi alongo, masiku ano kuimba ndi ntchito monga ntchito ina iliyonse. Kale munthu wofuna kujambula nyimbo ankayenera kupita ku Blantyre, ku nyumba ya wailesi ya MBC. Lero mnyamata wa kuno ku Chiosya akagulitsa matumba angapo a mtedza kapena soya, amapita ku situdiyo m'mawa, madzulo n'kubwera nayo nyimbo m'foni. Sabata isanathe nyimboyo yamveka m'magolosale a pa Kamwendo, pa Waliranji ndi pa Kapiri, mwinanso pa wailesi ya Mudzi Wathu. Makwaya athu nawonso akujambula nyimbo ndi kuziika pa YouTube.

Tsono nyimbo iliyonse imayenda ndi dzina la mwini wake. Oimba ambiri sadziwika ndi dzina limene adawapatsa makolo. Limbani Kalilani timamudziwa ndi dzina lakuti Tay Grin, Lawrence Khwisa timamutcha Lulu, ndipo malemu Lucius Banda dziko lonse linkawatcha Soldier. Dzina lotere ndi limene limalembedwa pa chikalata choitanira anthu ku zoimbaimba. Ndi limene anthu amalemba m'foni pofufuza nyimbo. Woimba akatchuka, dzinalo limasanduka chuma chake chachikulu kuposa gitala ndi zokuzira mau.

Chomvetsa chisoni n'chakuti achinyamata ambiri amasankha dzina mongoseka ndi anzao pa bawo. Safunsa ngati dzinalo lili kale ndi mwini wake. Patapita zaka, dzina lija litayamba kubweretsa ndalama, m'pamene mlandu umatulukira. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Phunziro lino likufuna kuti ana athu aziyamba afunsa.

2. MALAMULO AWIRI OSIYANA

Anthu ambiri amasokoneza malamulo awiri. Tiyeni tiwaone limodzilimodzi.

(a) Lamulo la umwini wa luso

Ili ndi lamulo limene pa Chingerezi amati copyright. Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo lotere m'chaka cha 1989, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo idaika lina latsopano m'malo mwake. Lamuloli limateteza chimene munthu wapeka ndi nzeru zake: mau a nyimbo, kamvekedwe kake, buku, sewero, chithunzi ndi zina zotere. Munthu akangopeka nyimbo yake, naijambula kapena kuilemba, umwini wayamba pomwepo. Safunika kuyamba walipira kwa wina aliyense. Umwiniwo umakhalapo moyo wake wonse, ndipo akamwalira umapitirira zaka 50 kuti ana ndi abale ake apindule.

Bungwe la COSOMA, limene lidayamba ntchito mu 1992, ndilo limatolera ndalama kwa a mawailesi, a malo achisangalalo ndi ena ogwiritsa ntchito nyimbo, n'kuzigawa kwa eni ake.

Koma timvetse bwino apa. Lamulo limeneli limateteza nyimbo, osati dzina la woimba. Dzina ndi mau amodzi kapena awiri okha, ndipo lamulo siliona mau ochepa chotero ngati ntchito yopeka. Kotero woimba amene walembetsa nyimbo zake ku COSOMA wachita bwino ndithu, koma asaganize kuti potero watseka dzina lake kuti wina asalitenge.

(b) Lamulo la zizindikiro za malonda

Limene limateteza dzina ndi lamulo lina, la zizindikiro za malonda, pa Chingerezi trademark. Chizindikiro cha malonda ndi dzina, mau kapena chithunzi chimene chimauza wogula kuti katunduyu wachokera kwa yani. Mai akatuma mwana kukagula Sobo kapena masamba a tiyi a Chombe, amadziwa chimene akufuna chifukwa cha dzinalo. Wina atathira madzi a shuga m'botolo n'kulembapo dzina lomwelo, wanamiza wogula ndipo wabera mwini dzina.

Lamulo lakale la zizindikirozi linali la mu 1957, nthawi ya atsamunda, ndipo linkasamala za katundu yekha. Lamulo latsopano la mu 2018 lidalola kulembetsanso maina a ntchito zimene munthu amagwirira anthu ena. Kuimba pa ukwati, m'holo kapena pa bwalo la zamasewero ndi ntchito yotere. N'chifukwa chake lero woimba kapena gulu loimba lingathe kulembetsa dzina lake ngati chizindikiro cha malonda.

Kalembetsedwe kake kamayenda motere. Munthu amapereka pempho ku ofesi ya boma yolembetsa makampani ndi zizindikiro za malonda, imene ambiri timaidziwa ndi dzina lakuti Registrar General. A ku ofesiyo amafufuza ngati palibe dzina lofanana nalo m'kaundula wao. Kenaka amalengeza pempholo kuti wotsutsa atsutse. Pakapanda wotsutsa, amapereka chiphaso chimene chimagwira ntchito zaka 10, ndipo zikatha mwini wake angathe kuchikonzetsanso. Katundu ndi ntchito zonse adazigawa m'magulu 45. Zoimbaimba zili m'gulu 41, nyimbo zojambulidwa zili m'gulu 9, pamene malaya ndi zipewa zolembedwa dzina la woimba zili m'gulu 25. Wolembetsa amatetezedwa makamaka m'magulu amene iye watchula.

Nanga amene sadalembetse alibe pothawira? Alipo. Makhoti athu amatsatanso lamulo lakale lochokera ku Mangalande, loletsa munthu kugulitsa zinthu zake mwa kudzionetsa ngati ndi munthu wina. Koma pa mlandu wotere wodandaula ayenera kuonetsa umboni wakuti anthu amamudziwa kale ndi dzinalo, kuti mnzakeyo akusokoneza anthu, ndiponso kuti iye waluza kanthu. Umboni wotere ndi wovuta kuusonkhanitsa ndipo milandu imadya ndalama. Chiphaso chimafupikitsa nkhani.

Tisasokonezenso ndi kulembetsa dzina la bizinesi, kumene kumachitika motsata lamulo la mu 2012. Kulembetsa bizinesi kumathandiza potsekula akaunti ku banki ndi posainirana mapangano. Sikupatsa munthu mphamvu zonse zimene chiphaso cha chizindikiro cha malonda chimapereka.

3. MAINA AMENE ANGATIPALAMULITSE

Choyamba, dzina la woimba wina. Mwana akamakonda woimba wotchuka, amafuna kutenga dzina lake n'kungoonjezapo mau akuti "Junior" kapena "Young", kaya kusintha chilembo chimodzi. Lamulo silifunsa ngati maina awiriwo alembedwa chimodzimodzi. Limafunsa ngati munthu wamba angasokonezeke. Mai amene walipira pakhomo poganiza kuti akukaona woimba wa ku Lilongwe, n'kupeza kuti ndi mnyamata wa m'mudzi woyandikana nawo, wanamizidwa, ngakhale dzina lidasiyana chilembo chimodzi.

Chachiwiri, dzina la kampani kapena la katundu wotchuka. Kutenga dzina la kampani ya mafoni, ya zakumwa kapena ya nsapato n'kuliphatikiza ku dzina la gulu kumapangitsa anthu kuganiza kuti kampaniyo ndiyo ikuthandiza gululo. Lamulo la mu 2018 limateteza mwapadera zizindikiro zodziwika kwambiri, ndipo makampani otere ali ndi maloya amene ntchito yao ndi kulonda dzina.

Chachitatu, dzina ndi chithunzi cha m'filimu kapena m'katuni. Apa malamulo onse awiri amakumana. Dzina lingakhale chizindikiro cha malonda, pamene chithunzi chake ndi ntchito yaluso ya mwini wake. Wojambula chikuto cha nyimbo akangotola chithunzi pa intaneti, mlandu umagwera woimba amene wachifalitsa.

Chachinai, zizindikiro za dziko. Lamulo la mu 1967 limateteza mbendera, chidindo cha boma ndi maina ena kuti asagwiritsidwe ntchito pa malonda popanda chilolezo. Woimba amene akufuna kuika zinthu zimenezi pa dzina kapena pa chizindikiro chake ayambe wafunsa.

Chachisanu, maina a miyambo ya makolo. Ife a ku Mchinji tili pakati pa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Lamulo la umwini wa luso limanena kuti magule ndi nyimbo za makolo ndi chuma cha mtundu wonse, ndipo boma ndilo limachisunga m'malo mwa anthu. Munthu mmodzi asaganize kuti angatenge dzina la mwambo wa anthu onse n'kuletsa ena kulitchula. Nzeru yabwino ndi kuyamba wakambirana ndi mafumu ndi eni mwambo.

Chachisanu ndi chimodzi, dzina la aliyense. Ili silibweretsa mlandu, koma limataitsa ndalama. Taganizirani makwaya angati m'dziko muno amene ali ndi dzina la Cecilia Woyera. Palibe kwaya imene ingaletse inzake kutenga dzina la woyera mtima. Koma nyimbo zikafika pa wailesi kapena pa intaneti, omvera sadziwa kuti ndi kwaya iti, ndipo ulemu kaya ndalama zingapite kwa ena. Mankhwala ake ndi apafupi: kuonjeza dzina la malo kapena la parishi, ndi kulilemba mofanana nthawi zonse.

4. ZIMENE ZIDAONEKERA ENA

Mu June 2020 gulu lotchuka la ku America, la Lady Antebellum, lidalengeza kuti lasintha dzina kukhala Lady A, popeza dzina lakalelo linkakumbutsa nthawi ya ukapolo. Cholinga chinali chabwino. Koma mu mzinda wa Seattle munali mai wina woimba, Anita White, amene adakhala akuimba ndi dzina lakuti Lady A kwa zaka zoposa 20. Gululo linali ndi chiphaso cha dzinalo, pamene maiyo anali ndi umboni wakuti adayamba kuligwiritsa ntchito ndi iye. Adadandaula kuti anthu ofufuza nyimbo zake pa intaneti ankangopeza za gulu lalikululo. Mbali zonse ziwiri zidasumirana, ndipo milanduyo idatsekedwa mu January 2022 atagwirizana kunja kwa khoti. Chaka ndi theka chidathera m'mikangano.

Mwezi womwewo wa June 2020 gulu lina la ku America, la Dixie Chicks, lidasintha dzina kukhala The Chicks. Iwo adadziwa kuti ku New Zealand kunali amai awiri apachibale amene adaimba ndi dzina limenelo kuyambira kale. Adayamba awapempha, eni ake adavomera, ndipo sipadakhale mlandu. Nkhani ziwirizi zidachitika nthawi imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti ena adafunsa asanalengeze, ena adalengeza asanafunse.

Palinso nkhani ya woimba Prince, amene dzinalo linali lake lobadwa nalo. Atakangana ndi kampani ya Warner Bros. imene inkasindikiza nyimbo zake, mu 1993 adasiya dzina lake n'kuyamba kudziwika ndi chizindikiro chosatchulika. Iye ankadandaula kuti kampaniyo yatenga dzina lake ngati katundu wake. Adabwerera ku dzina la Prince m'chaka cha 2000. Phunziro lake ndi ili: dzina lingathe kuchoka m'manja mwa mwini wake kudzera m'pangano limene wasaina yekha. Mnyamata wosauka akauzidwa kuti "tikujambulira ulere, ingosaina apa", awerenge kaye ngati pepalalo silikupereka dzina lake ndi nyimbo zake kwa mwini situdiyo.

5. KODI DZINA LA GULU NDI LA YANI?

Mikangano yambiri siichokera kunja, koma m'kati mwa gulu lomwe. Anyamata asanu amayamba bandi. Wina ndiye adapeka dzina, wina adagula zida, wina ndiye mau ake amakopa anthu. Tsiku lopatukana aliyense amati dzina ndi lake.

Mbiri ya maimbidwe athu ikutiphunzitsa njira ziwiri zabwino. Njira yoyamba ndi yakuti wochoka asiye dzina, akayambe lake. Lucius Banda adakulira mu Alleluya Band ya ku Balaka, imene idayamba mu 1978 pamodzi ndi mkulu wake Paul Banda. Pamene adafuna kuima payekha, sadanyamule dzina la Alleluya. Mu 1997 adayambitsa Zembani Band, ndipo magulu onse awiri adakhala ndi mbiri yaoyao. Chimodzimodzi ku Zimbabwe, Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria, onse awiri ana a makolo ochokera kuno ku Malawi, ankaimbira limodzi m'gulu la Khiama Boys. Macheso atachoka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, adasiya dzinalo kwa Zakaria n'kuyambitsa Orchestra Mberikwazvo.

Njira yachiwiri ndi yakuti dzina likhale la gulu, lipitirire ngakhale woliyambitsa atamwalira. Evison Matafale adamwalira mu November 2001, koma gulu la Black Missionaries la ku Chileka lidapitirira ndi abale ake a kwa Fumulani. Izi zikutionetsa kuti dzina la gulu ndi chuma chimene chimatsala, monga munda kapena nyumba. Ndipo tonse tikudziwa mmene chuma cha masiye chimagawanitsira mabanja ngati mwini wake sadasiye mau.

Kotero gulu lililonse, kaya ndi bandi kaya ndi kwaya, lilembe pangano lake nthawi imene onse akadali pa chibale. Panganolo linene kuti dzina ndi la yani, wochoka adzatenga chiani, ndalama zidzagawidwa bwanji, ndipo mtsogoleri akamwalira dzina lidzakhala m'manja mwa yani. Kwaya imene ili ndi dzina la parishi igwirizane ndi akuluakulu a parishi ngati dzinalo ndi nyimbo zojambulidwa zili za parishi kapena za oimbawo.

6. IFE A M'MALIRE

Boma lathu la Mchinji lachita malire ndi Zambia komanso Mozambique. Kuchokera ku Mchinji kudutsa pa chipata cha Mwami kukafika ku Chipata ndi ulendo waufupi, ndipo chinenero ndi chimodzi. Woimba wa kuno akatchuka, sachedwa kuitanidwa ku Chipata kapena ku Katete. Pamenepa malamulo awiri aja amasiyananso.

Umwini wa nyimbo umaoloka malire wokha. Dziko la Malawi lidalowa m'pangano la maiko lotchedwa Berne mu 1991, ndipo Zambia ndi Mozambique alinso m'panganoli. Nyimbo yopekedwa ku Chiosya ndi yotetezedwa ku Lusaka popanda kuilembetsanso.

Chizindikiro cha malonda sichitero. Chiphaso cha ku Malawi chimathera m'malire a Malawi. Ku Zambia maina amalembetsedwa ku bungwe la PACRA. Zingatheke kuti dzina limene kuno lilibe mwini, ku Zambia lili ndi mwini wake, ndipo ameneyo angathe kuletsa woimba wathu kuimba kumeneko m'dzina limenelo. Pali njira zolembetsera dzina m'maiko angapo ndi pempho limodzi. Ina ndi ya bungwe la ARIPO limene likulu lake lili ku Harare. Ina ndi pangano la Madrid, limene Malawi adalowa mu 2018, ndipo Zambia ndi Mozambique alimo kale. Njira zimenezi zimafuna ndalama ndithu, ndipo ndi za woimba amene wakhazikika. Koma kufufuza ngati ku Zambia kulibe woimba wa dzina lomwelo kumangofuna foni ndi mayunitsi ochepa.

7. ZOYENERA KUCHITA

(a) Lembani maina atatu kapena anai. Musaumirire dzina limodzi.

(b) Sankhani dzina lanulanu. Dzina lochokera ku mfunda wanu, ku mudzi wanu kapena ku mau a Chichewa amene wina sadawagwiritsepo ntchito pa zoimba ndi losavuta kuteteza kusiyana ndi dzina lotola m'filimu. Paja nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka.

(c) Fufuzani dzina lililonse pa Google, YouTube, Facebook, TikTok ndi Spotify. Yesaninso kalembedwe kena kamene kakumveka mofanana. Funsani oulutsa mau pa wailesi, popeza iwo amadziwa oimba ambiri.

(d) Mukapeza wina ali nalo kale, lisiyeni, kapena mupempheni chilolezo cholemba. Chilolezo cha pakamwa chimaiwalika ndalama zikayamba kuoneka. Dziwaninso kuti mwini dzina akadandaula kwa eni masamba a pa intaneti, iwo angathe kuchotsa nyimbo zanu nkhani isanafike n'kukhoti komwe.

(e) Sungani umboni wa tsiku limene mudayamba kugwiritsa ntchito dzinalo: zikalata zoitanira anthu, malisiti a ku situdiyo ndi zithunzi.

(f) Lowani m'bungwe la COSOMA, ndipo polembetsa nyimbo perekani maina onse awiri, lobadwa nalo ndi loimbira. Izi zimathandiza kuti ndalama zisasochere. Palinso chifukwa china. Ngati wopeka sadziwika konse kuti ndi ndani, zaka 50 zija zimawerengedwa kuyambira pamene nyimbo idatuluka, osati pamene iye wamwalira, ndipo ana ake amaluza zaka zambiri.

(g) Dzina likayamba kubweretsa phindu, lilembetseni ngati chizindikiro cha malonda, m'dzina lanu kapena la gulu lonse, osati la mwini situdiyo kapena la wokonza zoimbaimba.

(h) Musasaine pepala limene simudalimvetse. Pitani nalo kwa loya, kwa alangizi a zamalamulo kapena kwa munthu wodalirika wodziwa Chingerezi.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Fotokozani m'mau anuanu kusiyana kwa umwini wa luso ndi chizindikiro cha malonda.
2. Tchulani oimba ndi makwaya a m'dera lathu. Kodi alipo amene maina ao amafanana ndi a ena? Zadzetsapo chisokonezo chotani?
3. Pa nkhani ya Lady A, mbali ina inali ndi chiphaso, ina idayamba kugwiritsa ntchito dzina. Inu mukadakhala oweruza mukadagamula bwanji? Chifukwa chiani?
4. Kodi kwaya yathu ili ndi pangano lolembedwa lonena za mwini dzina ndi mwini nyimbo? Ngati palibe, adzalilemba ndani, ndipo liti?
5. Makolo angathandize bwanji mwana amene akufuna kuyamba kuimba?

ZOTI TICHITE MWEZI UNO

Mphakati uliwonse uitane achinyamata oimba a m'dera lake ndi kuwawerengera gawo 3 ndi gawo 7 la phunziroli. Atsogoleri a kwaya akhale pansi ndi kulemba pangano lao, ndipo kope limodzi likasungidwe ku ofesi ya parishi. Amene ali ndi foni yolowa pa intaneti athandize anzao kufufuza maina ao. Wopezeka kuti dzina lake lili ndi mwini, asachite manyazi kulisintha tsopano. Kusintha dzina pamene uli ndi nyimbo ziwiri n'kwapafupi. Kulisintha utaimba nalo zaka khumi, pokakamizidwa ndi khoti, kuli ngati kusamuka pa munda umene wautsira manyowa moyo wako wonse.